Chipilala Chofufutidwa ndi Chala

Kupolisi kuno amanditchula kuti Bweranimawa, ndipo ndinasiya kalekale kukwiya nalo dzinali. Munthu ukafufuza milandu mpaka imvi kumera m'makutu umadziwa kuti milandu yambiri ukaisiya igone imatha yokha. Wakuba amabweza, wodandaula amatopa, mboni imasamuka. Koma mlandu wa denga logwa unakana kugona, ndipo amene anaukaniza anali mayi wina amene anadzakhala pabenchi ya pakhomo la ofesi yathu.

Mayiyo anali mkazi wa kapitawo wina wa amisiri omanga nyumba, ndipo amuna ake anali m'chitokosi mwathu. Sankalira, sankatukwana munthu. Ankangokhala phee, jumbo ya zovala zosinthira ili pamiyendo, n'kumandiyang'ana polowa ndi potuluka. Ndinayesapo kudzera khomo lakumbuyo, koma maso akewo ndinkawamvabe pamsana.

Nkhani yake inali yotere. Mkulu wina wamalole ankamangitsa nyumba kunja kwa tauni. Denga linali la konkire. Konkireyo itauma, amisiri anayamba kuchotsa mitengo yochirikizira, ndipo denga linangoti phofo pakati, n'kupsinja mmisiri wina amene anzake ankamuti Wamluzu. Pomutulutsa n'kuti atatsirizika kale. Injiniya amene anajambula nyumbayo anati pamene panagwapo pankayenera kukhala chipilala, koma chipilalacho sichinamangidwe. Bwana wamkulu wathu sachedwa kupsa mtima ngakhalenso kumaliza milandu. Anati kapitawo anadya zitsulo ndi simenti ya chipilalacho, mutsekereni.

M'mawa wa tsiku limene ndikunenali, bwanayo anaponya tabuleti patebulo panga, kakompyuta kagalasi kaja kogwirira m'manja.

"Umboni ndi uwo," anatero. "Mwini nyumba wabwera nayo yekha, munthu wolongosoka. Tsegula imelo ya injiniya, udine pulani imene anamatapoyo, uone wekha."

Ndinadina. Pulani inatseguka, ndipo chipilala chinalipo, kabokosi kakuda bii pakati pa njira yochokera pabalaza kupita kukhomo lakumbuyo.

"Koma pepala limene tinamupeza nalo kapitawo lilibe chipilala, bwana," ndinatero.

"Anafufuta yekha asanakasindikizitse. Ukufuna ndikutafunirenso? Lemba, tiutumize kukhoti sabata isanathe."

Ndikanatha kulemba. Msana unkandipweteka, nsapato zinkandithina, ndipo mlandu wopha munthu mosasamala ukangofika kukhoti si wanganso. Koma ndinasuzumira pawindo n'kuona jumbo ija ili pamiyendo pomwe paja. Ndinatenga makiyi a chitokosi.

* * *

Kapitawo anali munthu wamfupi, wamapewa aakulu, simenti itamulowa m'ming'alu ya m'manja. Ankalankhula mawu amodziamodzi ngati akuyala njerwa.

"Bwana, ine ndimamanga zimene zili papepala."

"Pepalalo munalitenga kuti?"

"Kosindikiza."

"Anatumiza kosindikizako ndani?"

Anayang'ana pansi. "Ndine."

"Ndiye mukuona mmene zikuonekeramu?"

"Ndikuona, bwana. Koma imvani. Mwini nyumba anali paulendo ndi malole ake. Anandiimbira, akuti pita kunyumba kumene ndikuchita lendi, pulani yafika, ili mu tabuleti. Ndinapita. Ndinagogoda. Akazi awo anayankhira kuchipinda kuti lowani, ili patebulopo. Ndinaipeza pulani ili yotsegula kale pagalasi. Bwanayo ali pafoni anandiuza podina, kamuvi, kenako dzina la wosindikiza. Basi."

"Simunafufutepo kanthu?"

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe, n'kundionetsa chala chake chamkombaphala. "Chala ichi galasi silichimva, bwana. Ndimachita kunyambita kaye kuti lindiyankhe. Ndifufute ine?"

"Munthu mwamanga nyumba zambirimbiri. Simunadabwe kuona denga lalikulu choncho lopanda chogwirira pakati?"

"Ndinadabwa. Ndinaimbira injiniya. Sanandilole n'kumaliza komwe, anati tsatirani pulani, musamandiimbire pa kalikonse. Ndinafunsa mwini atabwera. Anayang'ana pepala, anamwetulira, akuti ndiye kuti injiniya wasintha maganizo, manga." Anapukusa mutu. "Zosowa zinalipo ziwiri. Khomo lakumbuyo nalonso linalibe sitepe. Koma zimenezo sizinandivute."

Ndikanakhala kuti ndinagona bwino, ndikanamufunsa chifukwa chake sizinamuvute. Sindinafunse. Ndinkangoganiza za chipilala ndi za msana wanga.

"Wamluzu anali mlamu wanga," anatero ndikutseka chitseko. "Mchimwene wake wa mayi ali pabenchiyo. Maliro ake ndinawamvera muno."

* * *

Ofesi ya injiniya inali pamwamba pa shopu ya utoto, ndipo masitepe ake anandikumbutsa zaka zanga. Injiniyayo anali mayi wamsinkhu wa mwana wanga wamkulu, wolankhula mothamanga, mafoni awiri akulira mosinthana patebulo.

"Ine pulani yanga ndi yoyera, bambo. Onani." Anatembenuza kompyuta yake. "Imelo iyi, pulani iyi, chipilala icho. Zimene anachita nayo itachoka m'manja mwanga si zanga."

"Kapitawo akuti anakuimbirani."

"Amandiimbira ndi ambiri."

"Akuti munamudula pakamwa."

Anazimitsa foni imodzi. "Sanatchule chipilala. Anangoyamba ndi zoti pali pena sakumvetsa. Mukudziwa kuti akapitawo amaimba kangati patsiku ndi mawu amenewo?"

"Kumalo omangawo munapitako asanathire denga?"

"Ndinayenera kupita." Anakonza mapepala amene anali okonzeka kale. "Ndinali ndi ntchito ina kutali. Ndinkati ndipita mawa lake."

Mawu amenewo ndimawadziwa bwino, choncho sindinamudzudzule. Ndinaimirira, mawondo akulira ngati chitseko chakale.

"Koma ngati mukufuna wodana ndi chipilalacho," anatero ndili pakhomo, "musavutike ndi kapitawo. Mwini nyumba anabwera muno kudzandipempha kuti ndichichotse. Anabweranso kachiwiri. Akuti chikutchinga njira. Ndinamuuza kuti njira ndi yake koma denga ndi langa."

"Zimenezi munauza bwana wanga?"

"Sanandifunse."

* * *

Wosindikiza ndinamupeza akumenya makina ake ndi chikhatho kuti alavule pepala. Munthu wake ndi uja woti ukamufunsa njira amakuuzanso mbiri ya msewuwo.

"Aaa, akuluakulu! Mwabwera kudzandimanga kapena kudzajambulitsa chiphaso? Khalani apo, ayi apo pali inki, apa. Nkhani ya denga ija? Zachisoni, zachisoni zedi. Wamluzu ankadutsa pano m'mawa uliwonse, mluzu patsogolo iye pambuyo."

"Pulani ya nyumbayo munasindikiza ndinu?"

"Ndine amene. Koma ine ndine bulu, akuluakulu, ndimasenza zimene andisenzetsa. Imelo ikafika ndimatsegula chomatidwacho, ndimadina, makina amalavula. Mukanditumizira chithunzi cha apongozi anu ali ndi ndevu, chituluka ndi ndevu zomwezo."

"Imeloyo ndiione."

Anakanda m'mutu. "Apo ndiye mwandipeza. Bokosi langa limadzaza msanga, ndimasesa kawirikawiri. Inapita kalekale. Koma imelo ili ngati chimfine, wopatsira amatsala nacho chake. Amene anatumizayo ali nayo ku zotumizidwa."

Ndinatulutsa pepala la kapitawo, lopindikapindika, lodetsedwa ndi manja a simenti, n'kuliyala pagalasi la makina ake pamene pankawala. Pamalo pa chipilala panali poyera. Koma timizere ting'onoting'ono timene timadutsa pulani yonse, tija toyezera, tinkafika pamenepo n'kuduka, kenako n'kupitirira kutsidya. Mpata wake sunali wa ngodya zinayi. Unali wozungulira mosalongosoka, ngati pamene munthu wapukuta nthunzi pawindo.

"Mwaona chiyani, akuluakulu?"

"Palibe," ndinatero. "Maso okalamba."

* * *

Mwini nyumba ankakhala m'nyumba yalendi kuseri kwa malo ogulitsira mafuta a galimoto. Ndinkamudziwa ndi mbiri: munthu wamawu aakulu, woti akamakalipira dalaivala pafoni msewu wonse umamva. Koma atandiona pageti anathamanga kudzandichingamira pakhonde, n'kukoka chitseko kumbuyo kwake, ndipo ankalankhula monong'ona.

"Bwana, mukanangondiimbira, ndikanabwera ndekha. Tabuleti ndinapereka kale. Chatsala n'chiyani?"

"Munapempha injiniya kuti achotse chipilala?"

"Ndinapempha. Anakana. Ndinavomera. Kupempha si mlandu."

"Chinkakulakwirani chiyani?"

"Chinali pakati pa njira. Munthu umafuna nyumba yotakasuka."

"Kapitawo akuti anakusonyezani pepala lopanda chipilala, inu n'kumuuza kuti amange."

"Wabodza. Munthu akamamira amagwira chilichonse."

"Pulani itafika munali kuti?"

"Pamsewu. Funsani madalaivala anga onse, funsani kumene tinakatsitsa katundu. Tabuleti inatsala kuno, ndipo amene anaigwira ndi kapitawo."

Apa ndiye sankanama, ndinali nditafunsa kale. Munthuyo analidi kutali. Ndinatsamira khoma kuti ndipumitse phazi, ndipo maso anga anagwera pamphuthu za chitseko. Utoto unali utakalika mbali zonse ziwiri, m'munsi, pamsinkhu wa bondo, mpaka thabwa kuonekera. Ndinaganiza kuti mwina anakanda polowetsa mipando, ngakhale kuti mipando sailowetsa tsiku ndi tsiku.

"Bambo, kwabwera ndani?" anafunsa mawu a mayi kuchokera mkati. Anali mawu ansangala, a munthu wolakalaka alendo.

Bambo uja anandiyang'ana, thukuta lili kamukamu pamphuno.

"Ndi a magetsi, mayi!" anafuula. "Akuwerenga mita, akupita kale."

Ndagwira ntchitoyi nthawi yaitali. Anthu anditchulapo galu, mfiti, ngakhale m'bale wawo. Koma munthu akakusandutsa wa magetsi pakhonde pake, ndiye kuti m'nyumbamo muli wina amene sayenera kudziwa kuti kwabwera wapolisi.

* * *

Ndinabwerera ku ofesi dzuwa litapendeka. Mkazi wa kapitawo anaimirira atandiona.

"Bambo, pali chimene mwapeza?"

"Tidakafufuza, mayi. Bwerani mawa."

Anakhalanso pansi, n'kukonza jumbo yake pamiyendo. Ndinachita manyazi, ndipo manyazi pa msinkhu wanga amatopetsa kuposa masitepe.

Ndinatseka chitseko, ndinavula nsapato, n'kuika tabuleti ija patsogolo panga. Ine ndi zipangizo zimenezi sitimwerana madzi. Ndikafuna kukulitsa chithunzi chimathawa, ndikafuna kutseka chimatseguka china. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinayamba ndi kumene tabuleti imasungira mafayilo ake. Munali zithunzi za maluwa, nyimbo, mitundu ya makatani, koma pulani munalibe. Wina anali atasesamo, ndipo anasesa chinthu chimodzi chokha.

Kenako ndinakumbukira chimfine cha wosindikiza uja. Ndinafufuza mpaka ndinapeza zotumizidwa. Imelo yopita kwa wosindikiza inalipo, yopanda mawu alionse, pulani yokha itamatidwa m'munsi. Wosesayo sanadziwe kuti kulinso khomo limeneli.

Ndinaitsegula. Chipilala panalibe. Timizere tija tinali toduka chimodzimodzi ngati papepala. Ndinaika zala ziwiri pagalasi kuti ndikulitse pamalopo, koma chala chimodzi chinatsalira, chinacho n'kutsetsereka. Ndinatukwana, poganiza kuti ndaononga umboni.

Poyera paja panasuntha.

Ndinachotsa dzanja msangamsanga ngati ndagwira mbaula. Kachigamba koyera kanali katasendera kumanja, ndipo kumanzere kwake kunkasuzumira ngodya yakuda. Ndinakakankhanso pang'onopang'ono. Chipilala chonse chinatulukira, chili chilili pamalo pake. Sichinafufutidwe n'komwe. Munthu anangotenga cholembera cha mu tabuletimo, n'kusankha mtundu woyera, n'kupaka pamwamba ndi chala. Papepala loyera utoto woyera suoneka.

Ndinayamba kusisita pulani yonse ngati wofuna nsabwe m'malaya. Pabalaza panalibe kanthu, kukhitchini kunalibe, kuzipinda kunalibe. Nditafika pakhomo lakumbuyo, kachigamba kena kanasuntha, ndipo pansi pake panali sitepe.

Ndinakhala ndikuyang'ana sitepeyo mpaka tiyi wanga anazizira. Wakuba zitsulo angachotse chipilala, inde. Koma sitepe ya pakhomo mulibe chitsulo, ndipo simenti yake ndi yosakwana n'kunyamula komwe. Munthu wofuna nyumba yotakasuka sadana ndi sitepe. Wodana ndi chipilala chapakati panjira, n'kudananso ndi sitepe, ndi munthu amene zonse ziwirizi zimamuimitsa mofanana. Ndinakumbukira mphuthu zokalika pamsinkhu wa bondo, ndi mawu aja ofunsa ali mkati osatuluka kudzaona okha. Ndinabwezera tizigamba tija mmene ndinatipezera, n'kuvalanso nsapato.

* * *

Galimoto ya mwini nyumba panalibe. Ndinagogoda.

"Lowani, sichokhoma!"

Anali pabalaza pafupi ndi windo, pa njinga ya olumala, nsalu yoluka ili pamiyendo. Anali mayi wooneka bwino, wa nkhope yozungulira, tsitsi lopesedwa mosamala ngati akudikira ulendo. Zitsulo za m'mbali mwa mateyala ake zinali ndi utoto wa mphuthu zija.

"Ndine wapolisi, mayi," ndinatero ndisanakhale n'komwe. Sindinafune kukhalanso wa magetsi.

Koma maso ake anali pa chimene ndinanyamula. "Tabuleti yanga! Kani inabedwa? Bambo anandiuza kuti ili kokonzetsa. Iii, bambo amenewa, safuna ndizidandaula ndi kalikonse. Zikomo kwambiri, khalani pansi. Mundikhululukire, sindingakuimirireni, miyendoyi inapuma pantchito chichitikireni ngozi ija."

Anailandira ndi manja awiri, n'kuipukuta ndi nsalu yake.

"Mumaigwiritsa ntchito kwambiri?"

"Nanga n'kutani? Bambo akachoka ndimatsala ine ndi iyoyi. Msika wanga ndi umu, tchalitchi changa ndi umu. Masiku onse amene yakhala kulibe ndimangowerenga mizere ya kudenga."

"Muli pulani ya nyumba yanu yatsopano."

"Eee! Mwaiona? Ndinaitsegula tsiku lomwe inafika, bambo ali paulendo. Ndinaisunga kuti ndiziiona bwino. Ine nyumba imeneyo ndinaiyenda kale yonse ndi maso, chipinda ndi chipinda." Zala zake zinkathamanga pagalasi mopanda kukayika. Ndinamusonyeza imene inali ku zotumizidwa, ndipo anaseka. "Aa, iyi ndi yamasewera anga. Taonani. Kuchoka pabalaza apa, ndikufuna ndikaone maluwa kuseri. Ndafika apa, chipilala. Njinga iyi kuti idutse ndiye kupotoloka, kubwerera, kupotolokanso, zigongono kukalika. Ndapulumuka pamenepo, sitepe. Ndiye kuitana munthu kuti adzandinyamule ngati thumba. M'nyumba yangayanga! Bambo anakapempha kwa injiniya, anakanizidwa, ine ndinamvetsa, eni ntchito amadziwa. Koma ndinati ndingoona mmene zikanaonekera. Mumadina kacholembera aka, mumasankha choyera, kenako mumangotere."

Anayendetsa chala m'mwamba mwa galasi, mozungulira, mofatsa, ngati akupukuta nkhope ya mwana.

"Ndinadutsa ndi maso kuchoka pabalaza mpaka kumaluwa osaima paliponse. Ndinasangalala tsiku limenelo, musandiseke."

"Kenako munatani?"

"Ndinaisiya patebulo, ndinapita kukagona pang'ono. Akapitawo anabwera kudzatumiza pulani, ine ndili kuchipinda." Anandiyang'ana. "Koma zamasewerazi sizisungika. Sindinadine posunga."

"Imasunga yokha, mayi."

"Imasunga yokha?"

"Yokha."

Kumwetulira kunali kudakali pankhope koma kutasiya kugwira ntchito. Anayang'ananso pagalasi, pamwamba pa imeloyo, pamene panali dzina la wosindikiza.

"Ndiye akapitawo anatumiza iyi?"

Ndisanayankhe, anapitiriza yekha mofulumira, ngati munthu amene wamva fungo la utsi koma sakufuna kutembenuka. "Koma akanaona. Amisiri aja ndi ochenjera. Bambo anandipititsako kamodzi, maziko okhaokha. Kuli wina woimba mluzu, anandiyalira matabwa kuti njinga idutse pamchenga, akuti mayi, nyumba ino mudzalowa ngati mfumukazi. Bambo akuti panopa ntchito inaima, simenti ikusowa. Ali bwanji mmisiri ameneyo?"

Panja panalira galimoto. Chitseko chinatseguka mwamphamvu, ndipo mwini nyumba anaima pakhomo, makiyi ali m'manja. Anaona ine, anaona tabuleti ili pamiyendo pa mkazi wake, mapewa ake n'kugwa. Apo ndinadziwa zonse zotsala. Denga litagwa iye anatsegula tabuleti, anazindikira chala cha mkazi wake, anasesa fayilo ija, n'kubwera nayo kwa ife ali wolongosoka. Anasankha kuti kapitawo avale mlanduwo.

"Bwana," anatero, mawu aakulu aja atatheratu. "Tiyeni panja. Chonde."

"Tilankhule pompano."

"Sakudziwa kanthu. Wavutika kale mokwanira, mukuona nokha. Ndimangeni ine, ndinene kuti ndinapaka ndine."

"Munali pamsewu. Madalaivala anu onse akuchitirani umboni, munandiuza nokha."

"Ndiye ndipatseni usiku umodzi wokha, ndimuuze ndekha, mwa njira yanga." Anagwada pakhomo pomwepo, munthu wamkulu ngati uja. "Bwerani mawa, bwana."

Kunena zoona, ndinafuna kuvomera. Ndinali wotopa, ndipo mayiyo ndinamumvera chisoni kuposa aliyense amene ndinamumangapo. Sindinkadziwa kuti khoti lidzautcha chiyani mlandu wa munthu amene anangofuna kuona maluwa. Injiniya sanapite, kapitawo sanalimbikire, mwamuna anamwetulira n'kunena kuti manga. Umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga, koma apa aliyense anali atagwedezako mtengo. Chimene ndinkadziwa n'choti m'chitokosi munali munthu mmodzi yekha, ndipo sanali amene anapaka kapena amene anasesa.

"Pabenchi yathu pali mayi," ndinatero. "Mchimwene wake anamuika m'manda, amuna ake ndinawatsekera ine. Mawu amene mukundiuzawo ndamuuzapo lero lomwe. Sindikamuuzanso."

Ndinakoka mpando n'kukhala moyang'anana ndi mayi wa panjingayo, kuti ndisamulankhule ndili pamwamba. Ndinamuuza mwachidule, chifukwa nkhani zotere ukazikulunga zimapweteka kawiri. Denga linagwa. Linagwera pamene panalibe chipilala. Woimba mluzu anali pansi pake.

Sanakuwe. Anayang'ana amuna ake, amene anali ataphimba nkhope ndi manja, kenako anayang'ana pagalasi. Anaika chala pa kachigamba koyera kaja n'kukakankhira pambali pang'onopang'ono, mpaka chipilala chonse chinaoneka.

"Chabwerera," anatero motsitsa. "Taonani, bambo, ndachibwezera."

Chala chake chinakhala pomwepo, chikukanikiza chipilalacho mwamphamvu mpaka chikhadabo kuyera.

Ndinadikira mpaka anachichotsa yekha. Kenako ndinatenga tabuleti, ndinauza bamboyo kuti atsogole kugalimoto, ndipo ndinayenda mofulumira kuposa mmene mawondo anga amalolera, kuti ndikapeze mayi wa jumbo uja asananyamuke pabenchi.